Mukufuna kugula munda? Werengani izi musanatulutse ndalama

Funso ili limandipeza paliponse: pamaliro, potuluka m'tchalitchi, ngakhale usiku pa WhatsApp kuchokera kwa abale amene ali ku Joni ndi ku Ireland. Limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wapeza malo ku Mchinji kapena ku Kasungu, maekala 20, mtengo wake wabwino, amfumu avomera, ndiye atumize ndalama? Ndaganiza zolemba yankho langa kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomupatsa awerenge. Ndikunena za munda wolima, osati puloti yomangapo nyumba m'tauni, ngakhale zina zikufanana.

Mfundo yaikulu ndiinene poyambirira: kumudzi simugula malo kwa munthu mmodzi. Amene akukuonetsani mundayo ndi mmodzi, koma eni ake ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo simunawaone. Zonse zili m'munsimu n'zokuthandizani kuwapeza anthu amenewo ndalama zanu zisanachoke m'manja.

1. Dziwani chimene mukufunira malowo

Ambiri amaona ngati limeneli ndi funso lachibwana, koma yankho lake ndi limene limakuuzani boma loti mupiteko, kukula kwa malo, ndi ndalama zoti zitsale m'thumba.

Ena akuthawa kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama kubanki anaona okha zimene zinachitika. Komanso anthu tikuchuluka pomwe nthaka ili yomweyo: kalembera wa 1966 anatipeza tili pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni. Choncho munthu amaganiza kuti bola ndalama zake azikwirire m'nthaka. Ena atsala pang'ono kupuma pa ntchito ndipo safuna kukalambira m'nyumba ya lendi. Ena akufuna ulimi wa bizinesi: soya, mtedza, nthochi, makadamiya, ng'ombe zamkaka. Palinso abambo amene akhala zaka zambiri pachikamwini, akulima munda wa kuchikazi, ndipo akufuna malo oti adzawatche awoawo. Ndiye pali anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene minda ya tiyi inatenga malo ambiri kuyambira nthawi ya atsamunda. N'chifukwa chake ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsira mabanja pafupifupi 15,000 kumalo ogulidwa m'maboma monga Machinga ndi Mangochi.

Zifukwa zonsezi n'zomveka. Chimodzi chokha ndimachikana: kugula malo kuti angokhala, kudikira kuti mtengo ukwere. Munda wogona pakati pa anthu osowa polima sukhalitsa, anthu amalowamo, ndipo ine sindiwaweruza kwenikweni. Ngati simunalimepo chiyambire, chitani lendi munda m'dera lomwelo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mudzadziwa mvula yake, anthu ake, mtengo wa ganyu, ndiponso ngati ulimi mumaukondadi. Ndipo musathere ndalama zonse pogula. Ine ndimati theka la ndalama zimene muli nazo likhale la saveya, loya, mbewu, feteleza, nyumba ya mlonda ndi madzi. Maekala 5 olimidwa bwino aposa maekala 30 a tchire.

2. Dziwani mtundu wa malowo

Malamulo a malo amene tikugwiritsa ntchito ndi a 2016, ndipo anakonzedwanso mu 2022. Kwa inu wogula, malo ali m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi malo a boma: nkhalango zotetezedwa monga Dzalanyama, Thuma ndi Chimaliro, malo osungira nyama monga Kasungu, Vwaza, Nkhotakota ndi Lengwe, malo a sukulu, ndi m'mbali mwa misewu. Awa palibe munthu wamba kapena mfumu imene ingakugulitseni. Munda ukakhala pafupi ndi nkhalango yotere, kafunseni a zankhalango akuonetseni pamene padutsa malire awo, chifukwa anthu ena analowerera kalekale ndipo amalima ngati ndi pawo.

Gulu lachiwiri ndi malo amene ali ndi mapepala a boma. Ambiri ndi a lizi, kutanthauza kuti boma linabwereketsa malowo kwa zaka zoikika ndipo mwini wake amalipira renti chaka ndi chaka. Maesiteti ambiri olima anapatsidwa zaka 21, pomwe mapuloti a nyumba amapatsidwa zaka 99. Ochepa ndi a freehold, opanda malire a zaka, ndipo boma linasiya kupereka atsopano otere. Kumadzulo kwa Lilongwe kulinso malo a ndunda, amene analembetsedwa m'zaka za m'ma 1970 m'dzina la mtsogoleri wa banja. Dzina la papepala ndi limodzi, koma munthuyo anangoimira banja lonse, ndipo nthawi zambiri anamwalira kalekale.

Gulu lachitatu, limene ambiri a inu mudzakumana nalo, ndi malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Pano mvetsetsani bwino. Makhoti athu akhala akunena kuti mfumu si mwini wa malo koma msungi wake, ndiponso kuti malo a makolo sagulitsidwa ngati mbuzi. Chimene banja lili nacho ndi ufulu wolima ndi kukhalapo, ndipo ufulu umenewo ndi umene ukusamukira kwa inu, ngati onse oyenera avomereza. Lamulo la 2016 linabweretsa njira yolembetsera malo otere kuti banja kapena munthu akhale ndi chiphaso, chimene pachingerezi amati customary estate. Chiphasochi chili ndi zoletsa zake pa nkhani yosamutsira malo kwa munthu wina, choncho wogulitsa akakuonetsani, musathamangire kulipira, pitani nacho ku ofesi ya malo ya kukhonsolo akakuuzeni chimene chikuloledwa. Kusintha kwa 2022 kunakhwimitsanso nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi. Inu amene munatenga unzika wa dziko lina, konzani kaye nkhani ya unzika wanu wa kuno.

3. Kauoneni mundawo kawiri, chilimwe ndi dzinja

Mu Seputembala munda uliwonse umaoneka bwino ndipo msewu uliwonse umadutsika. Pitaninso mu Januwale kapena Febuluwale. Mukaone ngati lole ingafike, ngati mlatho ulipo, ngati madzi amadikha, ndiponso mmene chimanga cha oyandikana nawo chikuonekera. Ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje funsani pamene madzi anafika mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Anthu akuloserani pamtengo kapena pakhoma.

Tengani khasu mukumbe maenje angapo ofika m'bondo. Katondo wofiira wozama ndi wabwino pa mbewu zambiri. Makande akuda a kudambo ali ndi chonde koma amasunga madzi ndipo amavuta kulima. Mchenga umafuna manyowa ambiri. Mukapeza mwala kapena nsangalabwi pafupi, dziwani kuti mizu sidzapita patali. Onaninso zomera. Kaufiti wambiri m'chimanga akukuuzani kuti nthaka yatopa. Nsenjere zonenepa ndi mitengo ya msangu ndi chizindikiro chabwino. Mukafuna kutsimikiza, tengani dothi m'malo osiyanasiyana a mundawo mukapimitse kumalo ofufuzira za ulimi a Chitedze, Bvumbwe, Lunyangwa kapena ku ARET, bungwe lofufuza za ulimi wa fodya. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi feteleza amene mungataye pa nthaka ya asidi yofuna laimu. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo musamudumphe: amadziwa nthaka, komanso amadziwa minda imene ili pa mkangano.

Ngati mukuganiza za mthirira, funsani ngati mtsinje umauma mu Okutobala ndi kuzama kwa mijigo yapafupi. Kupatutsa madzi ambiri a mumtsinje kapena kukumba mjigo wa ulimi kumafuna chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority.

4. Sonkhanitsani banja lonse

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumpha chifukwa n'potopetsa. Milandu yambiri ya malo imene imafika pabwalo la mfumu kapena kukhoti siyamba chifukwa cha mapepala abodza ayi. Imayamba chifukwa munthu wina wa m'banja sanafunsidwe.

M'madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakummwera, pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, munda umayenda kuchikazi. Ndi wa mbumba, kutanthauza alongo ndi ana awo, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala malume. Mwamuna amene anabwera kudzakwatira pamudzipo ndi mkamwini. Angakhale walima mundawo zaka 30, angakhale ndiye anadzala mango onse mukuwaonawo, alibe mphamvu yougulitsa. Mwinimbumba nayenso sangagulitse yekha, chifukwa udindo wake ndi wosunga, ndipo alongo ake ndi adzukulu ake akhoza kudzakutulutsani. Kumene mkazi anatengedwa chitengwa, munda umakhala wa kwa mwamuna, ndiye ofunika kuwafunsa ndi a mbali imeneyo. Ku Mzimba, Rumphi, Karonga, Chitipa ndi mbali zambiri za Nsanje ndi Chikwawa, kumene amalowola, munda umayenda kuchimuna: funsani bambo, abale ake aamuna ndi ana. Koma musangodalira dzina la boma, chifukwa mabanja anasakanikirana. Funsani mwachindunji kuti m'banja limeneli munda umachokera mbali iti.

Njira yake ndi iyi. Choyamba, musanakumane ndi banja, funsani anthu apadera. Chezani ndi oyandikana nawo munda, amayi a pamjigo, aphunzitsi a pasukulu yapafupi, mkulu wa mpingo. Pitani nokha, dobadoba amene anakupezerani malowo atsale, chifukwa iye amadya pokhapokha malonda atatheka. Mafunso ake ndi awa: anaswa mphanje pamenepa ndani? Zaka zitatu zapitazi amalima ndani? Munda unabwereketsedwapo, kapena unaikidwa pinyolo chifukwa cha ngongole? Unagulitsidwapo kwa wina? Nkhani yake inafikapo pabwalo? Pali abale amene ali kutauni, ku Joni kapena ku Mozambique? Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya malo mayankho a anthu atatu akasiyana, pamenepo pali chobisika.

Chachiwiri, pemphani anyakwawa aitanitse msonkhano wa banja, masana, pabwalo kapena pakhomo pa mwinimbumba. Pakhale amene akugulitsa, mkazi kapena mwamuna wake, mwinimbumba, alongo onse, ana akuluakulu, ndi adzukulu amene afika msinkhu. Amene ali kutali atumizireni ndalama yoyendera. Ndikudziwa kuti zimapweteka kulipirira basi anthu osawadziwa, koma n'zotchipa kuposa loya. Amene sangathe kubwera aimbiridwe foni pamaso pa onse, mawu ake amveke, kenako alembe kalata yovomereza, asaine, atumize chithunzi chake pamodzi ndi cha chitupa chake cha unzika.

Pamsonkhanopo inu musalankhule kwambiri. Dzidziwitseni, nenani kumene mwachokera ndi chimene mukufuna kulima, kenako mverani. Yang'anitsitsani amayi. Kwathu kuno mayi sangatsutse malume ake pagulu, pamaso pa alendo. Akakhala chete maso ali pansi, kapena akanyamuka kupita kukhitchini nkhani ili mkati, musawerenge kuti wavomera. Pemphani kuti aliyense afunsidwe payekha, potchula dzina lake, ndipo ngati mwabwera ndi mayi wachikulire wa kwanu, iyeyo akacheze ndi amayiwo kumbali. Zimene amanena kumeneko ndi zimene zili zoona.

Funsani chifukwa chimene akugulitsira. Nthawi zambiri ndi vuto: matenda, fizi, ngongole ya katapila, kapena njala ya mu Januwale. Kenako funsani funso limene ogula ambiri amaliopa: mukagulitsa uno, mutsala ndi polima? Ngati yankho lili loti ayi, kapena ngati mundawo ndi wa ana amasiye ndipo akugulitsa ndi amalume kapena abambo aang'ono, bwererani. Ndikunena izi pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti si chilungamo kulemera ndi njala ya mnzako, n'kusandutsa eni nthaka kukhala aganyu pamunda wa agogo awo. Chachiwiri n'chakuti ana aja adzakula. Mwana amene lero ali Sitandade 4 adzabwera ali ndi zaka 25 kudzafunsa munda wa amayi ake, ndipo mudzi wonse udzakhala mbali yake. Ngati banja lili ndi vuto la ndalama koma malo ndi ochepa, apempheni lendi ya zaka zingapo, kapena mugule gawo lokha.

Mwini munda akakhala kuti anamwalira, ndipo malowo ali ndi mapepala, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti yoyendetsa chumacho. Pemphani kuona kalata ya khotiyo. Mwana woyamba kubadwa sakhala ndi mphamvuyi chifukwa chongobadwa woyamba, ndipo mkazi wamasiye ndi ana onse ali ndi gawo lawo.

Pomaliza, musalipire tsiku la msonkhano. Siyani padutse milungu iwiri kapena itatu. Nkhani ya malo imayenda msanga pamudzi, ndipo amene ali ndi dandaulo amatulukira m'masiku amenewa. Wogulitsa akamakukakamizani kuti pali wina wa ku Lilongwe akubwera mawa ndi ndalama, muuzeni agulitse kwa ameneyo. Amene akuthamangitsa malonda a malo nthawi zambiri akuthawa m'bale wake.

5. Yendani malire, ndipo muyeze

Tsiku loyenda malire pakhale banja, anyakwawa kapena nduna zawo, ndi mwini wa munda uliwonse wogundana ndi wanuwo. Yendani ndi mapazi kuzungulira konse, osati kuima pachulu n'kumaloza ndi dzanja. Pangodya iliyonse imani, onse avomereze, khomani chikhomo, jambulani chithunzi anthu ataima pomwepo.

Ekala ya pakamwa ndi ekala yeniyeni zimasiyana kwambiri. Ekala ndi masikweya mita 4,047, pafupifupi mapazi aakulu 70 mulitali ndi 70 mulifupi. Hekitala ndi mamita 100 mbali zonse, ndipo muli maekala pafupifupi awiri ndi theka. Si zachilendo kuuzidwa kuti pali maekala 10 n'kupeza 6, ndipo nthawi zina wogulitsa sakunama, sanayezepo chabe. Mafoni amakono ali ndi mapulogalamu oyezera malo ndi GPS, ndipo amathandiza poyamba. Koma muyezo wopita pamapepala a boma ndi wa saveya wovomerezeka, amene amaika mabikoni a simenti ndi kujambula mapu. Gwirizanani mtengo wa pa ekala, osati wa munda wonse, kuti mudzalipire zimene muyezo wapeza.

Mukuyenda choncho, onani zinthu izi. Kodi njira yolowera kumundako ikudutsa mwa munthu wina? Ngati ndi choncho, alembe kuti walola. Kodi muli njira ya anthu yopita kumjigo, kapena ya ng'ombe yopita kudambo? Simudzaitseka popanda nkhondo. Muli manda, ngakhale akalekale, kapena dambwe? Malo amenewo achotsedwe pa muyezo ndipo musawakhudze. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM ndi m'mbali mwa msewu waukulu simuloledwa kumanga.

6. Amfumu, komiti ya malo ndi ofesi ya malo

Kalata ya anyakwawa yokhala ndi chidindo ndi yofunika, koma si chiphaso cha umwini. Ndi umboni chabe woti amfumu akudziwa. Kuchoka kwa anyakwawa pitani kwa agulupu, kenako kwa mfumu yaikulu, T/A. Malo akakhala m'malire a midzi iwiri, funsani mafumu onse awiri, chifukwa zimachitika kuti mfumu imadinda kalata ya malo amene ali m'dera la mnzake. Samalaninso kumene ufumu uli pa mkangano: chidindo cha mfumu imene mawa idzachotsedwe sichidzakuthandizani.

Lamulo la 2016 linakhazikitsa komiti ya malo kwa gulupu aliyense. Wapampando ndi agulupu, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu mwa iwo amayi. Kumene komitiyi ilipo, nkhani yanu idutse kumeneko ndipo ilembedwe m'buku lawo. Ntchito yolembetsa malo a makolo siinafike mofanana m'maboma onse, ndiye pitani ku ofesi ya malo kwa DC mukafunse mmene zilili m'dera limenelo, njira imene mungalembetsere malowo m'dzina lanu, ndiponso ngati malowo sali mkati mwa esiteti ya munthu wina kapena m'mapulani a boma. Pitaniko musanalipire, osati mutalipira.

Kangachepe kothokoza amfumu ndi mwambo wathu, palibe cholakwika. Koma ngati amfumu ndiwo akugulitsa, akuti malowo alibe mwini, chenjerani kawiri. Tsala limene likuoneka ngati tchire nthawi zambiri lili ndi banja limene linalisiya kuti lipume, kapena ndi podyetsera ziweto pa mudzi wonse.

7. Ngati mukugula esiteti ya lizi

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, ololedwa anali a maesiteti okha. Choncho anthu ambiri ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Mangochi anatenga malizi kuti apeze chilolezo cha fodya. Ambiri mwa malizi amenewo anali a zaka 21. Werengani nokha: lizi ya 1989 inatha mu 2010. Lero munthu akukuonetsani pepala lachikasu lokhala ndi chidindo cha boma, koma mphamvu yake inatha, renti ya zaka zambiri siinalipidwe, ndipo pamalopo panakhazikika ana a matenanti akale kapena midzi yoyandikana nayo.

Apa pezani loya, ndipo mutsimikize ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti ali ndi chilolezo cha chaka chimenecho. Akhale wanu, osati wa wogulitsa. Iye akafufuze m'kaundula wa malo ku maofesi a unduna wa zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, malinga ndi chigawo. Kafukufukuyo aonetse dzina la mwini, zaka zimene zatsala, ngati malowo ali chikole kubanki, ndiponso ngati wina anaikapo chiletso. Lizi ikakhala kuti inatha, wogulitsa ndiye ayambe waikonzanso ndi kulipira renti yotsalira, kapena ndalamazo zichotsedwe pa mtengo mogwirizana polemba. Kusamutsa lizi kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalo, kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi msonkho wa chidindo. Malamulo a 2022 anakhwimitsanso za kugulitsa malo a lizi amene sanatukulidwe, ndiye loya wanu aunike mbali imeneyi musanasaine. Saveya akapeze mabikoni akale n'kuwafananiza ndi mapu. Ndipo ngati pamalopo pakukhala anthu, musakhulupirire zoti adzachoka mukagula. Nkhani yawo ithe kaye, mwamtendere, inu musanalowe.

8. Lembani mgwirizano, lipirani pang'onopang'ono

Pa malo a makolo, mgwirizano ulembedwe m'chinenero chimene banjalo limamva, ndipo uwerengedwe mokweza pamaso pa onse. Mulembedwe maina ndi manambala a zitupa za unzika, mudzi, gulupu, T/A ndi boma, kukula kwa malo monga anayezera saveya, maina a oyandikana nawo mbali zonse zinayi, mtengo ndi kalipiridwe kake. Mulembedwenso za mitengo, nyumba, chitsime ndi mbewu zimene zili m'munda, tsiku limene mudzalowe, ndi mawu oti ndalama zidzabwezedwa ngati patuluka wina wokhala ndi ufulu pamalowo. Onse amene anavomera pamsonkhano uja asaine kapena adinde chala, amayi ndi abambo omwe. Inunso mukhale ndi mboni zanu ziwiri.

Mbewu zikakhala m'munda, alekeni akolole. Kulowa mu Juni kapena Julayi kumakupatsani nthawi yokwanira yokonzekera dzinja.

Ndalama zidutse kubanki, kapena ziperekedwe pamaso pa banja lonse ndi amfumu, n'kulemberana pomwepo. Musatumize pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya dobadoba. Gawani malipiro patatu: pang'ono posaina, gawo lina muyezo ndi makalata a mafumu zikatha, lotsala mukalowa m'munda popanda wokuletsani. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezi.

Inu amene muli kunja, mawu anga ndi awa: ngati n'kotheka dikirani mpaka mudzabwere patchuthi. Ngati simungathe, loya akulembereni kalata yopatsa munthu mphamvu yokuimirani, ndipo mapepala onse alembedwe m'dzina lanu monga lilili pa chitupa chanu, osati la mchimwene kapena mlamu. Munthu wachiwiri, amene sagwirizana ndi woyambayo, apite payekha akaone malowo ndi kukuimbirani foni ya kanema ataima pamabikoni. Sikuti mukukayikira abale anu. Munthu amamwalira, ndipo munda wolembedwa m'dzina lake umalowa m'chuma cha ana ake.

9. Lembetsani, ndipo lowanimo chaka chomwecho

Mukamaliza kulipira, yambani nthawi yomweyo ntchito yolembetsa malowo m'dzina lanu kudzera ku ofesi ya malo. Imatenga nthawi ndipo imafuna kulondola, koma musaisiye panjira. Ngati mwagula ndi ndalama za banja, lembetsani maina a nonse awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo mulembe wilo yonena za mundawo kuti ana anu asadzakangane ndi abale anu.

Dzinja loyamba lomwelo dzalani nkhadze, khonje kapena mitengo m'malire monse, ndipo limani, ngakhale gawo lochepa. Gawo limene simungathe kulima libwereketseni kwa anthu a pamudzipo polemberana, chaka chimodzi chimodzi. Aganyu ndi mlonda muwatenge pomwepo ndipo muziwalipira pa nthawi yake. Maliro akagwa pamudzi, pitani kapena tumizani chipepeso. Chitukuko cha mudzi chikafuna njerwa kapena mchenga, sonkhani nawo.

Mapepala onse, kuyambira mgwirizano, makalata a mafumu, mapu a saveya, malisiti a kubanki mpaka zithunzi za tsiku loyenda malire, achititseni fotokope katatu. Ena akhale kwanu, ena kwa loya kapena m'bale wodalirika, ena muwajambule muwasunge pa imelo. Ngati malo anu ndi a lizi, lembani penapake chaka chimene idzathe, muzilipira renti chaka chilichonse n'kusunga malisiti ake, ndipo mukapemphe kuiwonjezera zaka isanathe.